Tikiti yotchipa ya ku London kwa wonyamukira ku Chipata, ndi momwe mungalowere m'tauni mukatera

Ife a ku Chipata tili ndi mabwalo aakulu a ndege awiri, ngakhale ambiri amangoganiza za limodzi. Bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba mpaka kuwoloka mlatho wa Luangwa. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe mtunda wake sufika n'komwe makilomita 200 mukadzera pa Mwami. Konseku kulibe ndege yopita ku London mwachindunji. British Airways inasiya kubwera ku Lusaka mu 2013, ndiye aliyense amasinthira ndege penapake, kaya ku Addis Ababa, Nairobi, Kigali, Johannesburg, Doha kapena Dubai. Pa chifukwa chimenechi, mtengo umene mwauona pa foni sindiwo mtengo wa ulendo wonse. Muwerenge kuyambira pa siteshoni ya Kapata mpaka pakhomo pomwe mukagone ku London. Tikiti yooneka yotchipa imatha kukhala yodula kuposa zonse mukaphatikiza basi, malo ogona, katundu wolipira padera ndi sitima ya tsidya lija.

Viza iyambe, tikiti itsatire

Mwini pasipoti ya Zambia salowa ku Britain popanda viza. Fomu imadzazidwa pa intaneti, koma kukadinda zala ndi kujambulitsa muyenera kupita nokha ku Lusaka, ndipo ulendo umenewo nawonso ulowe m'bajeti. Mukhoza kufunsira kutatsala miyezi itatu kuti munyamuke, ndipo yankho la viza ya alendo kawirikawiri limatenga masabata atatu. Safuna kuti mukhale mutagula kale tikiti. Matikiti otchipa kwambiri ndi omwe sabwezedwa ndalama, choncho kugula viza isanatuluke n'kutchova njuga ndi ndalama zambiri. Opita kukakhala miyezi yoposa isanu ndi umodzi, monga ophunzira ndi anamwino, amafunikanso chikalata choti anayezedwa TB ku chipatala chimene boma la Britain linavomereza. Cha ku chipatala china chilichonse amachikana. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, chifukwa mayiko ena osinthirako ndege amaumirira zimenezo.

Viza ya Britain si ya Schengen, gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, lomwe Britain salimo. Nthawi zina mudzaona tikiti yotchipa yodutsa mizinda iwiri ya ku Ulaya musanafike ku London, tinene Paris kenako Amsterdam. Kandege ka pakati pa mizinda iwiriyo kamawerengedwa ngati ulendo wa m'kati mwa Schengen, ndipo popanda viza ya kumeneko adzakubwezani pa kauntala ku Lusaka komwe.

Kufufuza mtengo

Tsegulani Google Flights kapena Skyscanner, mawebusaiti ofananizira mitengo ya ndege. Pochokera lembani LUN, ndiye Lusaka, kenako yesaninso LLW, ndiye Lilongwe. Google Flights imalola kulemba onse awiri pamodzi. Kopita musalembe Heathrow, lembani London basi, kuti ikuonetseninso ndege zotera ku Gatwick ndi ku Stansted. Mukatero tsegulani kalendala yoonetsa mtengo wa tsiku lililonse, chifukwa kusuntha ulendo ndi tsiku limodzi kapena awiri kumasintha mtengo kwambiri. Masiku a pakati pa sabata nthawi zambiri amatsika kuposa Lachisanu ndi Lamlungu. Palinso kabatani kotsatira mtengo, komwe kamakutumizirani imelo mtengo ukasintha. Kayatseni tsiku lomwe mwapereka fomu ya viza, kuti pofika tsiku loti viza yatuluka mukhale mukudziwa mtengo wabwino ndi woipa.

Mtengo umasinthasintha chifukwa mipando ya m'ndege imodzi imagawidwa m'magulu, gulu lililonse ndi mtengo wake, ngakhale mpando ndi chakudya n'zimodzimodzi. Zili ngati milu ya tomato pa msika wa Kapata: milu yotchipa imayamba kutha, wochedwa amapeza yodula yokhayokha. Ndiye kudikira kuti mwina atsitsa ulendo utayandikira sikupindula pa njira zathuzi. Kugula kutatsala miyezi iwiri kapena itatu kumakhala bwino. Ngati mukugulira anthu anayi, yambani mwafufuza mtengo wa munthu mmodzi. Gulu lotchipa likatsala ndi mipando iwiri yokha, kompyuta imaika anayi onsewo pa gulu lodula, pomwe mukanatha kugula iwiri motchipa ndi iwiri modula.

Nyengo nayo ili ndi mphamvu. Kuyambira kumapeto kwa Julayi mpaka kumapeto kwa Ogasiti ana a sukulu ambiri ku Britain amakhala pa tchuthi, ndipo ndi nthawi yomweyo imene alendo amadzaza ku Mfuwe kudzaona nyama, choncho ndege zimadzaza mbali zonse. Seputembala ndi wa ophunzira opita ku mayunivesite. Pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale abale athu okhala kunja amabwera kudzadya Khirisimasi kwawo. Amene ali ndi ufulu wosankha ayang'ane Febuluwale, Malichi Isitala isanafike, Meyi kapena Novembala, koma Novembala ndi Febuluwale akonzekere kuzizira.

Lusaka kapena Lilongwe

Ku Lusaka makampani ndi ambiri: Ethiopian Airlines, Kenya Airways, RwandAir, Emirates, Qatar Airways, Airlink ndi ena, ndiye mpikisano umatsitsa mtengo. Ku Lilongwe odalirika pa ulendo wa ku London ndi Ethiopian ndi Kenya Airways, kapena kudzera ku Johannesburg. Mtengo wa ku Lilongwe ukhoza kukhala wokwererapo, koma musauthawe musanawerengere. Ku Lusaka mulipira basi kupita ndi kubwera, katundu wolemera pa basi amamulipiritsa padera, kugona usiku umodzi, ndi takisi yochoka m'tauni kupita ku bwalo. Kugonako musakudumphe. Basi ya m'mamawa yochoka ku Chipata imafika ku Lusaka masana kapena madzulo zonse zikayenda bwino, koma lole imodzi ikagwa pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa msewu umatsekeka kwa maola, ndipo ndege sidikira. Mukaphonya ndege yoyamba, kampani imafafaniza maulendo onse otsala pa tikitiyo, wobwerera womwe. Nyamukani dzulo lake. Amene ali ndi womulandira angapemphe kondakitala kuti amutsitse pa mphambano ya ku bwalo la ndege, chifukwa basi yochokera kum'mawa imadutsa pamenepo isanalowe m'tauni kupita ku siteshoni ya mabasi ya Intercity.

Wodzera ku Lilongwe safuna viza ya Malawi, koma pa Mwami adinditse pasipoti yeniyeniyo. Kapepala kowolokera malire kamene timagwiritsa ntchito popita ku Mchinji kukagula zinthu sikathandiza, chifukwa ku bwalo la Kamuzu adzafuna kuona chidindo cholowera m'dziko asanakudindireni chotulukira. Bwalolo lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, ndiye mukhale ndi makwacha a Malawi a takisi. Mukhozanso kupitira ku Lilongwe n'kubwererera ku Lusaka pa tikiti imodzi, posankha Multi-city pofufuza. Nthawi zina zimatchipa kuposa momwe mungaganizire.

Kukwera ndege ya Proflight ku Mfuwe kupita ku Lusaka kumapulumutsa msana, koma sikupulumutsa thumba.

Misampha ya mtengo wotsika

Katundu ndiye woyamba. Pa maulendo ochokera ku Africa matikiti ambiri amalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse, koma gulu lotsikitsitsa la makampani ena limalola imodzi yokha. Kugula sutikesi yachiwiri pa kauntala kumadya phindu lonse lomwe mumati mwapeza. Malire a 23 ndi a sutikesi iliyonse payokha: ina 28 ina 18 sizikwanirana, adzakuuzani kuti mupakulire pomwepo anthu akuyang'ana. Yezerani kunyumba, ngakhale pa sikelo ya ogula mbewu.

Wachiwiri ndi matikiti olumikiza pamanja. Mawebusaiti ena amatenga matikiti awiri osiyana, mwachitsanzo Lusaka mpaka Johannesburg ndi Johannesburg mpaka London, n'kuwaonetsa ngati ulendo umodzi, pansi atalemba timawu tating'ono toti self-transfer. Tanthauzo lake n'lakuti mukatera mutenge katundu wanu, mudutse kwa a zolowa ndi kutuluka, mukayambirenso pa kauntala. Ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe nanu mlandu, tikiti yapsa. Ulendo wonse ukakhala pa tikiti imodzi, katundu amamulemba mpaka ku London, ndipo mukachedwa chifukwa cha iwo amakukwezani ndege yotsatira osalipira. Walira mvula walira matope, koma matope awa ndi opeweka: onetsetsani kuti maulendo onse ali pansi pa nambala imodzi.

Nthawi yodikira posinthira ndege ikhale maola awiri kapena atatu. Ola limodzi ku Addis Ababa usiku, pamene ndege zambiri zimatera nthawi imodzi ndipo aliyense amasechedwanso, limatha muli pa mzere. Munthu akhoza kuthamanga n'kukwera, sutikesi n'kutsala. Kudikira kotalika nako kuli ndi nkhani yake. Ethiopian imapereka hotelo kwa odikira maola 8 mpaka 24 ngati panalibe ndege ina yofulumira, koma funsani pogula, musangoganizira. Ndipo Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko a matenda a yellow fever, ndiye mukakhalako maola oposa 12 pobwerera, ku Zambia akhoza kukufunsani kabuku kachikasu ka katemera. Katemerayo amabayidwa kamodzi moyo wonse, ndipo kabuku kamayamba kugwira ntchito patatha masiku 10.

Kulipira

Mukapeza mtengo pa Skyscanner, pitani pa webusaiti ya kampani ya ndegeyo mukaone ngati ndi womwewo. Kusiyana kukakhala kochepa, gulani kwa eni ndege. Zinthu zikasokonekera mumalankhula ndi kampani mwachindunji, osati ndi wogulitsa wa kudziko lina amene sayankha foni. Musanalipire, pitani ku banki kapena pa app yawo mukakweze malire a ndalama zolipira pa intaneti, chifukwa makhadi ambiri amakana ndalama yaikulu chonchi. Nambala yotsimikizira imabwera pa foni, choncho mukhale pomwe netiweki ikugwira. Mtengo ukakhala m'madola, banki imasintha pa mlingo wake n'kuwonjezera kena, ndiye mu akaunti musiye zoposerapo.

Dzina lilembedwe monga liliri m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ambirife dzina la pa NRC, la kusukulu ndi la m'pasipoti zimasiyana, wina Mbewe wina Mbeŵe, wina Tembo Mary wina Mary Tembo. Kukonza pambuyo pake kumalipiritsa, ndipo tikiti singasinthidwe kupatsa munthu wina.

Ejenti wabwino amathandiza, makamaka kwa amene alibe khadi. Koma pa Facebook ndi pa WhatsApp pali akathyali amene amangosungitsa mpando osalipira, n'kukutumizirani pepala looneka bwino, inu n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena MoMo. Pakapita masiku ochepa mpandowo umafafanizika wokha. Kusungitsa kumangokhala ndi kanambala ka zilembo zisanu ndi chimodzi. Tikiti yolipiridwa ili ndi nambala ina ya manambala 13, ndipo atatu oyambirira amasonyeza kampani: 071 ndi Ethiopian, 706 Kenya Airways, 176 Emirates, 157 Qatar Airways, 235 Turkish Airlines. Lowetsani kanambalako ndi dzina la bambo pa webusaiti ya kampaniyo, pamene palembedwa Manage booking, muone nokha ngati nambala ya tikiti ilipo. Wopita ndi viza ya alendo agule yopita ndi kubwera, chifukwa ya ulendo umodzi imadzutsa mafunso pa kauntala ndi pa chipata cha ku London.

Pa za phukusi la abale: nyama iliyonse, youma yomwe, ndi za mkaka siziloledwa kulowa ku Britain kuchokera kuno. Nsomba youma monga kapenta imaloledwa mpaka makilogalamu 20, uchi mpaka awiri. Chiponde chimaloledwa, koma chilowe m'sutikesi yaikulu, chomangidwa bwino m'pulasitiki. M'chikwama cha m'manja amachiwerenga ngati zamadzimadzi, ndipo botolo loposa mamililita 100 limatsala pa sechi. Zipatso ndi masamba aawisi zisiyeni.

Mwatera ku Heathrow

Wotchi ibwezeni ndi maola awiri, kapena ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Pasipoti ya Zambia sidutsa pa zipata za makina, ndiye mukaima pa mzere wa mapasipoti ena onse, womwe m'mawa umatha kutenga ola kapena kuposa. Adiresi ya komwe mukagone, kalata yokuitanani ndi tikiti yobwerera zikhale papepala m'manja, osadalira foni yomwe batire latha. Sutikesi ikapanda kutuluka, musachoke m'holoyo musanalembetse pa desiki ya katundu ndi kulandira nambala ya dandaulo. Timapepala tomwe anamata pa tikiti yanu ku Lusaka ndi umboni wanu.

Heathrow ili makilomita pafupifupi 25 kumadzulo kwa mzinda. Ethiopian ndi Turkish zimatera ku Terminal 2, Emirates ku Terminal 3, Kenya Airways ndi Qatar ku Terminal 4. Sitima zolowera m'tauni zilipo zitatu, ndipo mitengo yake ndi yosiyana kutali.

Yotchipa ndi Piccadilly line, sitima ya pansi pa nthaka ya mzere wabuluu wakuda. Mtengo ndi mapaundi pafupifupi 6, ndipo imatenga mphindi 50 mpaka ola kufika pakati pa mzinda, kudzera ku Hammersmith, Earl's Court, South Kensington, Green Park, Piccadilly Circus mpaka King's Cross St Pancras. Popeza imayambira pa bwalo pomwepo, mpando mumaupeza. Vuto lake mabogi ndi aang'ono, ndipo pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa imadzaza ndi opita kuntchito, inu muli ndi masutikesi awiri pakati pa miyendo. Masiteshoni ena akale ali ndi masitepe opanda chikepe. Wopita ku Victoria kapena Westminster asinthire ku Hammersmith kapena Barons Court: sitima ya District line yopita kumeneko imaima tsidya lina la pulatifomu yomweyo, mumangokoka katundu mapazi ochepa. Kusinthira patsogolo kumafuna kukwera ndi kutsika. Ofesi ya kazembe wa Zambia ili ku Palace Gate, Kensington, ndipo Gloucester Road pa mzere womwewu ndi siteshoni yoyandikira.

Elizabeth line, ya mtundu wapepo, inatsegulidwa mu 2022. Mtengo wake ndi woposa kuwirikiza kawiri wa Piccadilly, koma imafika ku Paddington m'mphindi pafupifupi 30, n'kupitirira ku Bond Street, Tottenham Court Road, Farringdon ndi Liverpool Street. Mabogi ndi otakasuka ndipo siteshoni iliyonse ili ndi njira yopanda masitepe. Kwa munthu wachikulire, mayi wa mwana kumsana, kapena aliyense wa makilogalamu 46 a katundu, ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera. Heathrow Express imafika ku Paddington m'mphindi 15, pa mtengo wa mapaundi 25 kapena kuposa mukagula tsiku lomwelo, ndipo imathera pomwepo, ndiye mulipiranso sitima ina. Sitiona chifukwa choikwerera pokhapokha mutagula tikiti yake pa intaneti kudakali milungu yambiri, pamene imatsika kwambiri. Chenjerani pa siteshoni ya Terminal 2 ndi 3: Elizabeth line ndi Heathrow Express zimaima pa pulatifomu imodzi, ndipo wotopa ndi ulendo amangolowa yoyamba kufika. Werengani dzina pa thabwa la magetsi.

Polipira, London yonse imayendera kugunda khadi pa kachizindikiro kachikasu pa chipata. Khadi la banki la Visa kapena Mastercard lokhala ndi chizindikiro cha contactless limagwira, ngati banki yanu inalitsegulira kunja. Likakana, gulani khadi la Oyster pa makina a pa siteshoni n'kuikamo ndalama, podziwa kuti khadi lenilenilo limagulidwa padera. Munthu aliyense khadi lake, simungadutse awiri ndi limodzi. Gundani polowa, gundaninso potuluka ndi khadi lomwelo, apo ayi akudulani mtengo wapamwamba kwambiri. Ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira, ndipo mumadutsira pa chipata chachikulu cha m'mbali, chomwenso ndi cha a masutikesi. M'mabasi ofiira mumagunda polowa pokha, ndipo salandira ndalama ya m'manja kuyambira 2014.

Mabasi a National Express amapita ku Victoria Coach Station, katundu ali pansi monga pa basi ya ku Lusaka, ndipo ngati mbale wanu amakhala ku mzinda wina, monga Reading, Bristol kapena Birmingham, pali mabasi ochokera pa Heathrow pomwepo osalowa mu London. Mukatera pakati pa usiku sitima zitaleka, basi ya N9 imakufikitsani ku Trafalgar Square. Takisi yakuda imayendera mita ndipo kufika pakati pa mzinda imatha kudya mapaundi oyandikira 100. Munthu wokuyandikirani m'holo n'kunena kuti ali ndi galimoto panja, mukaneni, zimenezo n'zoletsedwa kumeneko.

Gatwick ndi Stansted

Ethiopian, Emirates, Qatar ndi Turkish zili ndi ndege zina zotera ku Gatwick, makilomita pafupifupi 45 kumwera, ndipo nthawi zina tikiti yake imatsikirapo. Siteshoni ya sitima ili ku South Terminal, wotera ku North Terminal amakwera kasitima kaulere ka mphindi zochepa. Gatwick Express imapita ku Victoria m'mphindi pafupifupi 30, koma sitima za Southern zimayenda njanji yomweyo motchipa, kuchedwa kwake mphindi zowerengeka. Za Thameslink zimapita ku London Bridge, Blackfriars, Farringdon ndi St Pancras. Oyster ndi khadi la banki zimagwira. Ku Stansted, komwe Emirates imateranso, sitima imapita ku Liverpool Street m'mphindi pafupifupi 50, koma Oyster sigwira, gulani tikiti musanakwere. Funsani wokulandirani kuti amakhala mbali iti musanasankhe bwalo, chifukwa wa ku Croydon ali pafupi ndi Gatwick, wa ku Slough kapena Hounslow ali pakhomo pa Heathrow.

Tsiku lobwerera, onani bwalo ndi terminal pa tikiti, popeza matikiti ena otchipa amaterera ku Heathrow n'kunyamukira ku Gatwick. Pa Piccadilly line njanji imagawikana pa Acton Town, sitima zina zimapita ku Uxbridge kapena Rayners Lane, ndipo za ku Heathrow nazo zili pawiri, ya Terminal 4 ndi ya Terminal 5, zonse zoima pa Terminal 2 ndi 3. Wa Kenya Airways kapena Qatar adikire yolembedwa Terminal 4, ndipo afike pa kauntala kutatsala maola atatu.